Converter yomwe inayamba kuliza mluzu ataika mabatire atsopano: lipoti la chipinda chozizira nsomba

Chipinda chozizira chomwe lipotili likunena chili padoko lina m'boma la Nkhotakota. Eni ake ndi gulu la amayi amene amagula chambo, kampango ndi usipa kwa asodzi m'mamawa, n'kusunga nsombazo mpaka zitakwana zoti galimoto ipite nazo ku Lilongwe. Mapolo a magetsi sanafike padokopo, choncho zonse zimayendera sola. Mapanelo amatchaja mabatire a 48 V, ndipo converter yomwe tinapanga kushopu kwathu imatsitsa votejiyo kufika pa 24 V, yomwe makompresa awiri, nyali ndi sikelo ya digito zimafuna. Kompresa iliyonse imadya pafupifupi 400 W. Zonse zikayaka pamodzi, converter imakoka 900 W kumabatire.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa vutoli linabwera popanda chipangizo ngakhale chimodzi chakufa, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito pamalopo anachita zoyenera. Mabatire a lithium akulowa m'malo ambiri momwe munali a lead-acid, ndiye sindikukayika kuti anzanga ena akumana nalo posachedwa.

Converter yathu ndi ya mtundu wa buck (wotsitsa voteji), ndipo imatseka ndi kutsegula ma MOSFET (maswichi amagetsi othamanga kwambiri) ka 50,000 pa sekondi. Microcontroller, kakompyuta ka m'bokosimo, imayendetsa ma loop awiri a feedback, kutanthauza njira zoyezera zomwe zikutuluka n'kumazikonza. Loop yamkati imagwira karenti yodutsa m'koyilo yotulukira, pomwe yakunja imayang'anira 24 V n'kumauza yamkati kuchuluka kwa karenti yofunika. Polowera magetsi pali fyuluta ya koyilo ya 47 µH ndi ma capacitor a polymer okwana 470 µF. Fyulutayo tinaiika chifukwa popanda iyo phokoso la 50 kHz linkabwerera m'mawaya a mabatire, manambala apasikelo n'kumavina, wailesi ya mlonda n'kumangosokosa. Mabatire amakhala m'kanyumba kena kamthunzi, mamita 8 kuchokera pabokosi la converter.

Nthawi yonse yomwe panali mabatire anayi a lead-acid, palibe anadandaulapo. Atatopa mabatirewo, m'mwezi wa Juni gululo linagula batire la lithium iron phosphate la maselo 16, la 51.2 V. Amisiri omwe analilumikiza anachotsanso waya wakale wa 10 mm² n'kuikapo wa 25 mm² kuti magetsi asamataike m'njira. Inenso ndikanachita chimodzimodzi. Nyengo ya mwera yonse chipinda chinazizira bwino.

Chizindikiro choyamba

Dzuwa la Okutobala litafika pachimake, mayi wapampando wa gululo anandiimbira foni. "Achimwene, chibokosi chanu chija usiku chikumaliza mluzu, kenako zonse zii. Nsomba zadzulo tangoziwamba, sizikanafika mtauni." Kuwamba chambo chomwe chinagulidwa pamtengo wa chachiwisi n'kutaya ndalama, ndipo zinali zitachitika kale kangapo.

Converter ikazima inkasiya uthenga wakuti voteji yolowa yakwera kupitirira 62 V. Apa ndi pomwe aliyense anasokonezeka. Voteji ingakwere bwanji pakati pausiku, dzuwa kulibe, batire likutsika? Mnyamata wathu wokonza zinthu kumeneko anayeza ndi multimeter, anapeza 50 V. Ogulitsa batire anawerenga zomwe BMS (chipangizo choyang'anira ndi kuteteza batire) inasunga, anapeza maselo onse ali bwino. Charge controller, yomwe imayang'anira kutchaja kochokera kumapanelo, anaichotsa usiku wonse, koma mluzu unabwerabe. Tinaganiza kuti mwina choyezera voteji m'bokosimo chanama, ndiye tinatumiza converter ina. Usiku woyamba womwewo nayonso inaliza mluzu n'kuzima.

Yochotsedwayo itafika kushopu inagwira ntchito popanda chovuta chilichonse. Koma katundu wathu woyesera pabenchi (chokoka magetsi m'malo mwa makompresa) ankangofika pa 500 W, ndipo magetsi ankachokera ku power supply, osati kubatire la lithium. Zinthu ziwirizi n'zomwe zinabisa vutolo.

Mlonda ndi amene anapereka mfundo yothandiza kuposa tonsefe. Anati kompresa imodzi ikamayenda yokha bokosilo silimalira, limayamba yachiwiri ikalowa. Anawonjezera kuti chakumadzulo mluzuwo umatalika koma osazimitsa kanthu, pomwe chakum'mawa umangoti pyo kamodzi, magetsi n'kuthima. M'nyengo yozizira makompresawo ankasinthana, sankakumana kawirikawiri usiku. Kutentha kwa Okutobala n'komwe kunawayatsa onse awiri mpaka kucha. Ndipo converter ikazima n'kudzukanso, makompresa onse ankadikira mphindi zofanana n'kuyambira pamodzi, zomwe zinkabweretsanso vuto lomwelo.

Zomwe oscilloscope inaonetsa

Ndinapita ndi oscilloscope yoyendera batire, chida choonetsa mafunde a voteji pasikirini, n'kudikira usiku. Probe imodzi ndinaiika pa ma capacitor a fyuluta, ina pamitu ya batire. Kompresa yachiwiri itangofika paliwiro lake, mzere wa pa ma capacitor unayamba kunjenjemera pang'ono pa 50 V, kenako funde lililonse linkaposa linzake. Pasanathe ndi theka la sekondi voteji inali ikusewera pakati pa 38 V ndi 62 V, pafupifupi ka 950 pa sekondi, mpaka chitetezo chinazimitsa converter. Mzere wa pabatire sunasunthe kwenikweni. Multimeter sinkanama: pakati pa 38 ndi 62 pali 50, ndipo multimeter imangosonyeza zapakatizo.

Nambala ya 950 Hz inaloza wolakwa. Koyilo ya 47 µH kuphatikiza inductance ya waya wa mamita 8 zimakwana pafupifupi 60 µH, ndipo 60 µH ndi 470 µF zimakhala ndi resonance (liwiro lomwe zimagwedera zokha) pa 950 Hz. Kuti nditsimikize, ndinadumphitsa koyiloyo ndi kawaya kakafupi kokhuthala. Mluzu unatheratu. Sikelo inayambiranso kuvina, ndipo BMS inayamba kutaya kulumikizana ndi charge controller. Zinaonekeratu kuti fyuluta ndiyo ikulira, komanso kuti sitingaichotse.

Koma koyilo ndi capacitor paokha sangapitirize kugwedera, pamafunika china chowonjezera mphamvu. Chinacho ndi converter yomwe ikugwira bwino ntchito yake. Ntchito yake n'kupereka mphamvu yosasintha kaya voteji yolowa ikwere kaya itsike. Pa 50 V imakoka 18 A kuti ikwanitse 900 W. Voteji ikatsika kufika pa 45 V imakoka 20 A. Resistor wamba voteji ikatsika karenti nayo imatsika, koma apa zikuyenda mobwerera. Choncho kwa fyuluta, converter imaoneka ngati resistor yokhala ndi chizindikiro cha kuchotsa, ndipo kukula kwake ndi voteji kuichulukitsa ndi yokha n'kugawa ndi mphamvu: 50 × 50 ÷ 900, yomwe ndi 2.8 Ω. Capacitor ikatsika, converter imaikokanso kwambiri. Ikakwera, imaileka kuti ikwererenso. Zili ngati mwana ali pa katungwe, wina n'kumamukankha nthawi yeniyeni yomwe wayamba kupita kutsogolo.

Chomwe chimaletsa katungweyo kukula ndi resistance yomwe ili m'njira ya karenti. R. D. Middlebrook wa ku Caltech anafotokoza zimenezi mu 1976: impedance (kukaniza karenti yosinthasintha) ya fyuluta, poyang'ana kuchokera ku converter, iyenera kukhala yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi impedance yolowera ya converter. Pa resonance, impedance ya fyuluta ngati yathuyi imafika pafupifupi pa L ÷ (R × C), pomwe L ndi 60 µH ija, C ndi 470 µF, ndipo R ndi resistance yonse ya m'njiramo.

Masamu ake anafotokoza mwezi ndi ola lomwe. Kale mabatire a lead-acid otopawo anali ndi pafupifupi 40 mΩ, waya wa 10 mm² kupita ndi kubwera 28 mΩ, koyilo ndi ma capacitor 18 mΩ. Zonse pamodzi 86 mΩ, zomwe zimapereka nsonga ya impedance ya fyuluta ya 1.5 Ω. Converter pa 47 V inkaoneka ngati 2.5 Ω, ndiye zinthu zinkakhazikika, ngakhale mpata wake unali wochepa. Batire la lithium ndi BMS yake zili ndi pafupifupi 12 mΩ, waya watsopano 11 mΩ. Zonse pamodzi zinatsika kufika pa 41 mΩ, nsonga n'kukwera kufika pa 3.1 Ω. Masana batire likamatchajidwa pa 55 V, converter imaoneka ngati 3.4 Ω, ndipo imapulumuka pang'ono pokha. Chakumadzulo pa 52 V zimangotsala pang'ono kufanana, n'chifukwa chake mluzu unkatalika. Chakum'mawa pa 50 V imakhala 2.8 Ω, pansi pa 3.1 Ω, basi zagwa. Kompresa imodzi yokha imaika converter pamwamba pa 5 Ω, kutali ndi ngozi. Zonse zomwe mlonda ananena zinali m'manambalawa. Kufooka kwa mabatire akale ndi kuonda kwa waya wakale n'zomwe zinkagwirizira dongosolo lonse.

Njira zomwe zinalipo

Ena anati tibwezere waya woonda uja, kapena tiike resistor ya 50 mΩ pamzere. Zikanagwira. Koma pa 18 A resistor imeneyo imawotcha 16 W usiku wonse, ndipo mmisiri aliyense wobwera mtsogolo akanaichotsa poganiza kuti ndi zolakwika.

Usiku womwewo, kuti nsomba zipulumuke, ndinaika capacitor ya electrolytic ya 2,200 µF yotsatana ndi resistor ya 0.22 Ω, zonse ziwiri pambali pa ma capacitor a fyuluta. Iyi ndi njira yodziwika bwino. Capacitor yaikuluyo imatseka DC kuti resistor isatenthe, koma pa 950 Hz imalola resistor kumeza mafunde. Nsonga inatsika kufika pafupifupi 0.3 Ω, mluzu n'kutha. Zovuta zake zinaonekera m'mawa. M'bokosi munalibe malo, ndiye inalendewera kunja, pamalo achinyezi ndi fumbi. Choopsa kwambiri chinali chakuti poyatsa breaker, karenti yodzaza ma capacitor onsewo inkapitirira 200 A kwa kamphindi, BMS n'kuyesa kuti ndi shoti, n'kutseka batire. Sindikanasiyira amayi aja chipangizo choti chikazima chimafuna mwayi kuti chiyakenso.

Kushopu tinamanga dongosolo lofanana ndi la kunyanja: batire la lithium, waya wa mamita 8, katundu wa 900 W. Mluzu unabwera pabenchi. Poyamba tinayesa zomwe ambiri amalangiza, kuchepetsa liwiro la loop ya voteji kuti converter ileke kuoneka ngati resistor yochotsa pa resonance. Tinaitsitsa kuchoka pa 2 kHz kufika pa 300 Hz, koma sizinasinthe kanthu. Chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Malangizo amenewo amathandiza pa converter yomwe ili ndi loop ya voteji yokha. Yathuyi ili ndi loop ya karenti mkati, yomwe imagwira karenti ya koyilo pa 35 A ngakhale yakunja itagona, pomwe ma capacitor otulukira amagwira 24 V. Karenti yosasintha kuchulukitsa ndi voteji yosasintha ndi mphamvu yosasintha. Resistor yochotsa ija inali ikadalipo pa 950 Hz, ndipo woibweretsa anali loop yamkati.

Kuuza converter kuti ikhale resistor

Ngati feedback ndiyo ikupanga resistor yochotsa, feedback yomweyo ingathe kupanga yowonjezera. Njirayi si yachilendo. Masitima apamtunda oyendera magetsi a DC nawonso ali ndi fyuluta ya koyilo ndi capacitor kutsogolo kwa inverter, ndipo amaikhazika mtima pansi kudzera mu pulogalamu yoyendetsa mamota. Maganizo ake ndi awa: yeza voteji ya pa ma capacitor a fyuluta, chotsapo gawo la DC kuti patsale mafunde okha, uchulukitse ndi nambala ina, uwonjezere pa karenti yomwe loop yamkati yauzidwa kugwira. Voteji ikakwera converter imakoka karenti yochulukirapo, ikatsika imachepetsa, monga resistor yeniyeni imachitira. Kusiyana kwake n'kwakuti mphamvuyo sisanduka kutentha, imangodutsa kupita ku ma capacitor otulukira n'kubwerera.

Tinachotsa DC ndi fyuluta ya high-pass ya 150 Hz, yomwe imalola mafunde achangu okha kudutsa. Nambala yochulukitsira tinaiika pafupifupi 3 A pa volt iliyonse. Popeza converter imatsitsa 50 V kufika pa 24 V, 3 A ya kotulukira imaoneka ngati 1.44 A kolowera, zomwe zikufanana ndi resistor ya 0.7 Ω. Imeneyi ndi yamphamvu kanayi kuposa yochotsa ya 2.8 Ω ija. Nambalayo pulogalamu imaisintha pang'onopang'ono motsatira voteji ya batire kuti 0.7 Ω isasunthe.

Pali zinthu zitatu zomwe zikanapha njirayi, ndipo n'zomwe ndikufuna anzanga azisamale.

Choyamba, chomwenso chili chachikulu, ndi kuchedwa kwa muyeso. Njira yoyezera voteji yolowa m'bokosi lathu inapangidwa kuti izingoonetsa manambala pasikirini. Inali ndi kafyuluta ka RC (resistor ndi capacitor) ka 1 kHz, kenako pulogalamu inkaphatikiza miyeso 16 n'kutenga yapakati. Pa 950 Hz kafyulutako kamachedwetsa ndi madigiri 43 (funde lathunthu ndi madigiri 360), kuphatikiza miyeso kuja madigiri 51, kuwerengera kwa microcontroller ndi PWM (chizindikiro chotsegula ndi kutseka ma MOSFET) madigiri ena 10. Zonse pamodzi zimapitirira madigiri 100. Kuchedwa kukadutsa madigiri 90, karenti yomwe ukuwonjezera imasiya kuletsa mafunde n'kuyamba kuwathandiza. Tinayesa dala pabenchi ndi njira yakaleyo kuti tione, ndipo mafunde anayamba pa 700 W pokha, kuipa kuposa poyamba. Tinasintha kacapacitor kamodzi kuti RC ikwere kufika pa 15 kHz, ndipo njira ya mafundeyi tinaipatsa muyeso wake wosaphatikizidwa, wotengedwa pa mfundo yomweyomweyo ya PWM nthawi zonse kuti phokoso la ma MOSFET lisalowemo. Kuchedwa konse, kuphatikiza kwa loop yamkati, kunatsika kufika pafupifupi madigiri 20. Amene akuganiza kuti ntchitoyi ndi ya pulogalamu yokha ayambe wayang'ana waya ndi tizipangizo tomwe tili pakati pa capacitor ndi ADC, gawo losandutsa voteji kukhala nambala.

Chachiwiri, loop ya voteji imalimbana ndi zomwe ukuwonjezerazo. Karenti yowonjezerayo imagwedeza 24 V pang'ono, ndipo loop yakunja ikakhala yachangu pa 950 Hz imaona kugwedezako ngati vuto n'kulifafaniza. Apa kutsitsa loop kufika pa 300 Hz, komwe sikunathandize pakokha, kunakhala kofunika. Mtengo wake ulipo: kompresa ikamayamba, 24 V imatsika kufika pafupifupi 22.3 V isanabwerere. Makompresa sadandaula nazo, koma nyali zimaphethira.

Chachitatu, resistor ya m'pulogalamu imakhalapo pokhapokha loop yamkati ikakhala ndi mpata wokweza ndi kutsitsa karenti. Ikagunda malire a karenti, imazimiririka panthawi yomwe mphamvu ili pamwamba penipeni. Tinaika malire a loop yakunja pa 40 A, chitetezo cha hardware n'kukhala pa 48 A, ndipo gawo la mafunde tinalilola 6 A kukwera kapena kutsika, kuti nthawi zonse likhale ndi malo ake.

Zitatha izi, kompresa yachiwiri ikalowa voteji imagwedera kosakwana 2 V, ndipo pofika funde lachitatu yakhazikika. Tinayesa kukweza nambala ija kupitirira 4 A pa volt. Mafunde a kolowera anatha msanga, koma 24 V inayamba kugwedera moonekera, ndiye tinabwerera pa 3.

Komabe sitinadalire pulogalamu yokha. Converter ikamadzuka kapena ikazima mwadzidzidzi, feedback kulibe, ndipo mphamvu yotsala m'koyilo imathamangira m'ma capacitor omwe malire awo ndi 63 V. Choncho tinasiya kanthambi kakang'ono m'bokosi momwemo: capacitor ya 470 µF yotsatana ndi resistor ya 0.47 Ω. Kameneka BMS imakalola poyatsa, ndipo kokha kamatsitsa nsonga kufika pansi pa 1 Ω. Wina angafunse chifukwa chovutikira ndi pulogalamu ngati kanthambi kameneka kakukwanira. Yankho langa ndi lakuti capacitor ya electrolytic imauma pang'onopang'ono m'kutentha kwa kunyanja popanda chizindikiro chilichonse, ndipo resistor yake inasankhidwira waya wa mamita 8 ndi batire limeneli basi. Eni malo amasintha mabatire ndi kusuntha mabokosi osatiuza. Resistor ya m'pulogalamu tinaiyesa ndi mawaya osiyanasiyana, ndipo inagwira kuyambira 600 Hz mpaka 1,200 Hz osaikhudzanso. Tinawonjezeranso kuti converter izisunga kukula kwa mafunde omwe yaona, n'kuyatsa nyali yachikasu akapitirira 4 V.

Zomwe zatsatira

Converter yokonzedwayo inabwerera kudoko Okutobala asanathe. Tinasinthanso nthawi yodikira ya kompresa yachiwiri kuti isamayambire pamodzi ndi inzake. Novembala yense sinazimepo. Mayeso enieni anali mitambo ya Januwale ndi Febuluwale, pomwe batire linkafika m'mawa lili pa 48 V, converter n'kumaoneka ngati 2.6 Ω. Funde lalikulu kwambiri lomwe inasunga nthawi yonseyo silinafike 3 V. Mayi wapampando anangofunsa za kuphethira kwa nyali kuja, ndipo atamva chifukwa chake anati bola nsomba zikuzizira.

Kushopu tasintha zinthu ziwiri. Converter iliyonse tsopano imayesedwa pa mphamvu yake yonse, ndi batire la lithium lomwe latsika, kudzera m'waya wautali ngati wa komwe ikupita. Ndipo m'bokosi lililonse timamatamo pepala lokhala ndi manambala a koyilo, ma capacitor, kutalika ndi kukula kwa waya ndi mtundu wa batire, kuti wosintha chimodzi mwa izi athe kuwerengera L ÷ (R × C) asanamange mabauti.

Malo ena omwe ali ndi ma converter athu akale tawasintha kupatula amodzi. Kumeneko ma converter awiri amadyera batire limodzi kudzera m'waya umodzi wa mamita 20, ndiye ma capacitor awo amaphatikizana ndipo ma resistor ochotsa awiriwo amakhala pambali pa inzake, kutsika kufika pa 1.4 Ω onse akadzaza. Mafyuluta awiriwo amathanso kugwederana okhaokha pa resonance ina yosiyana ndi ya waya. Pakali pano akadali pamabatire a lead-acid, ndipo tagwirizana ndi eni ake kuti asagule lithium mpaka titayesa pabenchi ma converter awiri pawaya umodzi, kuti tione ngati 0.7 Ω ya iliyonse ikuthandiza inzake kapena ikulimbana nayo.